KALATA WA MASIYE ASUNGIDWE KUTI?

Kuwerenga: Yeremiya 32:6-15, Ahebri 9:15-17

M'dziko la Mfumu Mphamba, m'boma la Lundazi, palibe mlimi wosadziwa kulonga dzinthu. Cimanga cikauma cilowa m'nkhokwe yoimikidwa pamwamba, kuti cinyontho ndi ciswe zisacipeze. Nsawa zisungidwa pa zokha, ndi mbeu ya caka camawa ipacikidwa pamene makoswe sangafike. Ngakhale mwambo wa caka ndi caka wa anthu a kwa Mphamba uchedwa Kulonga. Ndipo palibe mwamuna wanzeru amene amanga nkhokwe kuthengo osauza mkazi wace kumene iri. Pakuti cakudya cimene ana sangacipeze tsiku la njala cifanana ndi cakudya cosalimidwa konse.

Koma pali cinthu cimodzi cimene anthu ambiri, ndi Akristu omwe, sanaphunzire kulonga kwace. Ndico kalata wa masiye, amene ena amucha wilu, ndiye kalata m'mene munthu alemba akali moyo za magawidwe a cuma cace atamwalira. Ena salemba konse. Ena alemba ndithu, naitana mboni, nasaina. Koma atatero ambisa kalatayo kolimba, kotero kuti tsiku la maliro palibe munthu ampeza. Ciphunzitso cino cinena makamaka za otsirizawa.

I. MUNDA WA KU ANATOTI

Caka cakhumi ca ufumu wa Zedekiya, zaka zoposa 580 asanabadwe Ambuye Yesu, ankhondo a mfumu ya ku Babulo anazinga mudzi wa Yerusalemu. Mneneri Yeremiya anali wotsekeredwa m'bwalo la alonda, cifukwa ananenera kuti mudziwo udzagwa. M'masiku oopsa omwewo anadza kwa iye Hanameli, mwana wa Salumu mbale wa atate wace, namuuza agule munda wa ku Anatoti, popeza mwa cibale mphamvu ya kuuombola inali yace. Mwa nzeru za anthu, kugula munda m'dziko logwidwa ndi adani kunali kutaya ndalama. Koma Yeremiya anazindikira kuti kanthuka kacokera kwa Mulungu, nayesa masekeli a siliva 17, nagula mundawo.

Coyenera kucipenyetsa ndi macitidwe ace pogula. Poyamba analemba, sanatame mau a pakamwa, ngakhale wogulitsayo anali mbale wace. Kaciwiri anaitana mboni, nazonso zinalemba maina ao. Kacitatu makalata anali awiri, wina womatidwa ndi cizindikiro, wina wosamatidwa, kuti wofuna kuwerenga awerenge wosamatidwayo, ndi womatidwayo akhale wosakhudzidwa kufikira tsiku la mlandu. Kacinai sanawasunge m'thumba mwace m'ndendemo, koma anawapereka kwa Baruki mwana wa Neriya, pamaso pa Hanameli, ndi pa mboni, ndi pa Ayuda onse okhala m'bwalomo. Kacisanu analamula Baruki awaike m'mbiya yadothi, kuti akhalitse masiku ambiri.

Nzeru ya mbiyayo inatsimikizika m'caka ca 1947, pamene abusa a ziweto anapeza mbiya zotere m'phanga la ku Qumran, pafupi ndi Nyanja ya Mcere. M'katimo munali mipukutu ya zikopa, ndi umodzi wa iyo unali buku lonse la mneneri Yesaya, lolembedwa zaka ngati 2,000 zapitazo, lowerengeka ndithu. Komatu mbiri yomweyo iri ndi cenjezo. Mipukutuyo inasungika bwino, koma zaka mazanamazana sinathandize munthu ndi mmodzi yense, cifukwa panalibe wodziwa kumene inali. Cotero mbiya yokha sikwanira. Yeremiya anali ndi mbiya, analinso ndi Baruki, ndipo anthu onse a m'bwalo anadziwa kuti makalata ali kwa Baruki.

II. CIFUKWA CACE KALATAYU AFUNIKA KWA MPHAMBA

Ku Lundazi kukhala mitundu ya miyambo yosiyana. Atumbuka a kwa Mphamba ndi a kwa Magodi awerenga pfuko kwa atate, napereka malowolo. Acewa a kwa Mwase awerenga pfuko kwa amai, ndipo mwa mwambo wao wolowa m'cuma ca mwamuna ndiye mphwace kapena mwana wa mlongo wace. Lero mitunduyi ikwatirana, ana ao aphunzira sukulu imodzi, napembedza m'nyumba imodzi. Koma mwamuna akamwalira, mbali yonse idza pamaliro ndi mwambo wace, ndipo yonse iyesa kuti colungama ndi cace.

Cumanso casinthika. Kale munthu anasiya khasu, nkhwangwa, mkondo ndi mbuzi zowerengeka. Tsopano asiya ng'ombe zolimira ndi ngolo, cigayo, njinga yamoto, nyumba ya malata pa boma, ndalama za m'banki ndi za m'foni, ndi penshoni ya zaka zimene anagwira nchito ku migodi ya ku Kitwe kapena Mufulira. Pamene cuma cicuruka, umbombo nawo ukula. Mipingo yambiri yaona mkazi wamasiye alikubwerera kwao ndi mphasa ndi mphika, ana ace atacotsedwa pa sukulu, pamene ng'ombe zimene analima nazo zaka 20 zirikupita kumudzi wina.

Pofuna kuletsa coipa ici, Nyumba ya Malamulo ya Zambia inakhazika malamulo awiri m'caka ca 1989. Loyamba, lochedwa Intestate Succession Act, linena za munthu womwalira wosasiya kalata. Pa cuma cimene anadzipezera yekha, ana alandira magawo 50 mwa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala magawo 20, akubala womwalirayo magawo 20, ndi ena amene iye anali kuwasunga magawo 10. Kunena mwa ng'ombe: zikakhala 10, zisanu nza ana, ziwiri nza wamasiye, ziwiri nza makolo, imodzi nja osungidwa aja. Nyumba ikhala ya wamasiye pamodzi ndi ana, ndipo wamasiyeyo aloledwa kukhalamo moyo wace wonse, pokhapokha akalowa ukwati wina. Minda ya m'dziko la mfumu siwerengedwa m'lamuloli. Iyo iyenda mwa mwambo, pamaso pa nyakwawa ndi mfumu.

Lamulo laciwiri, lochedwa Wills and Administration of Testate Estates Act, linena za munthu wosiya kalata. Kalatayo alembedwe, ndi mwini asaine kumapeto kwace pamaso pa mboni ziwiri zokhalapo nthawi imodzi, nazonso zisaine iye alikuona. Mwini akakhala wosaona kapena wosadziwa kuwerenga, munthu wina wodziwa amwerengere zonse, namfotokozere, nalembe pa kalata pomwepo kuti watero. Mboni zisakhale anthu olandirako cuma, kuti gawo lao lingatayike. Ndipo kalata sapatsa munthu ufulu wa kutaya a pa banja pace. Akasiya mkazi kapena mwana wopanda comsunga, bwalo liri ndi mphamvu ya kukonzapo.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Kalata akapanda kupezeka, cuma cigawidwa monga ngati sanalembedwe. Payerekezedwe mkuru wina amene anafuna kuti cigayo cace cisagulitsidwe, koma cilipire sukulu ya ana kufikira wotsiriza atatha. Anafunanso kusiyira ng'ombe imodzi mwana wamasiye wa mlongo wace, ndi kupereka kanthu ku nchito ya mpingo. Zonsezi analemba bwino. Koma kalata anamsomeka m'denga, osauza munthu. Cifuniro cace ciikidwa m'manda pamodzi ndi iye. Ndiponso oweruza akamva kuti kalata anali m'manja mwa mwini yekha, ndipo atamwalira sapezeka, akhoza kuyesa kuti mwiniyo anamng'amba dala, popeza kung'amba kapena kutentha ndi njira imodzi imene munthu afafaniza nayo kalata wace.

III. MANTHA AWIRI

Anthu sabisa kalata cifukwa ca kupusa ai. Abisa cifukwa ca mantha. Mantha oyamba ndiwo akuti wolemba za imfa adziitanira imfa, ndipo wokamba za kalatayo aifulumiza. Malembo atsutsa ici poyera. Mfumu Hezekiya anadwala, ndipo mneneri Yesaya anamuuza akonze za nyumba yace. Koma atapemphera, Mulungu anamuonjezera zaka 15. Mau a kukonza za nyumba sanamuphe. Abrahamu anapatsa Isake zace zonse, napatsa ana ace ena mphatso akali moyo, nafa nkhalamba ya zaka 175. Masiku a munthu ali m'dzanja la Mulungu; pepala ndi inki ziribe mphamvu ya kuwatapa kapena kuwaonjezera. Mkristu amene aopa colembera koposa Mulungu sanamasuke konse ku ukapolo wa maula.

Mantha aciwiri ali ndi kulemera kwace, ndipo sayenera kusekedwa. Munthu aopa kuti abale akadziwa zolembedwazo padzabuka udani iye akali moyo. Wolandira pang'ono adzamda, wolandira zambiri adzakhumba kuti afe msanga, ndipo akadwala malungo okha anthu adzayamba kulozana zala za ufiti. Yankho la mantha awa liri m'makalata awiri a Yeremiya. Kudziwa kumene kalata ali ndi cinthu cina; kudziwa za m'kati mwace ndi cinthu cinanso. Munthu akhoza kumata kalata m'envulopu, nasaina pa cimato, kuti za m'kati zikhale cinsinsi cace kufikira tsiku lace. Koma malo ace a envulopuyo asakhale cinsinsi. Amene abisa zonse ziwiri sanapewe ndeu. Wangoiunjikira ana ace, kuti aimenye iye atacoka, pamene sangathenso kunena mau amodzi a kuwayanjanitsa.

IV. MALO OIPA NDI MALO ABWINO

Denga la udzu ndi malo oipa, pakuti moto wa lupsa ukadza mwezi wa Okutobala sufunsa za m'denga. Pansi pa mphasa ndi m'nkhokwe ndi malo oipa, pakuti ciswe ndi makoswe sizidziwa kusiyanitsa kalata ndi makoko a cimanga. Kukwirira pansi nkoipa koposa. Dzinja limodzi litha inki yonse. Bokosi la zobvala nalonso liri ndi ngozi yace: pamaliro ndilo liyamba kutsegulidwa, ndipo woyamba kulitsegula akhoza kukhala iye yemwe kalatayo samkomera. Moto wa pa siwa uli pafupi, ndipo palibe mboni. Ngakhale malo opatulika sasunga kanthu pa okha. Buku la cilamulo linatayika m'nyumba ya Yehova momwe, kufikira Hilikiya mkuru wa ansembe analipeza caka ca 18 ca mfumu Yosiya. Cinthu cikhoza kutayika m'malo oyera, anthu akaleka kucikumbukira.

Malo abwino azindikirika ndi zinthu zitatu: moto, madzi ndi ciswe sizifikapo, munthu mmodzi sangacotsepo kanthu mobisa, ndipo a pa banja akhoza kufikapo osabvutika. Mbiya ya masiku ano ndiyo kabokosi kacitsulo kotseka bwino, kalata atakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Koma kalata weniweni, wosainidwa ndi dzanja la mwini ndi la mboni, ndi bwino akhale kunja kwa nyumba ya mwiniyo, kwa munthu kapena ofesi yosalandirako cuma.

Wina asungitsa kwa loya amene anamlembera. Nkwabwino, koma maloya ambiri akhala ku Chipata ndi ku Lusaka, ndipo maofesi asamuka, cotero dzina la loyayo ndi malo ace zilembedwe, ndi kudziwika kunyumba. Wina asungitsa ku banki. Nkwabwinonso; koma banki sipereka kanthu kwa munthu wongofika ndi misozi, ifuna umboni wa imfa ndi citupa ca wofunsayo, cotero risiti la kusungitsa lisakhale m'kati mwa envulopu yomweyo. Wina apereka kwa mbusa wa mpingo. Apa pakumbukike kuti abusa asinthidwa. Kalata asalandiridwe ngati katundu wa mbusa, koma alembedwe m'buku la akuru a mpingo, tsiku lace ndi dzina la mwini, kuti mbusa wolowa m'malo ampeze. Ndipo popeza milandu ya makalata otere iweruzidwa ndi bwalo lalikuru lochedwa High Court, limene kum'mawa kuno likhala ku Chipata, ulendo wa makilomita ngati 180 kucokera ku Lundazi, munthu wopita kumeneko acita bwino kufunsa kwa alembi a bwalolo njira yosungitsira kalata wace. Safunsa anadya phula.

Kunyumba kukhale kope la kalatayo, lolembedwa pamwamba kuti ndi kope, ndi kuchula kumene kuli weniweniyo. Amene safuna kuti za m'kati zidziwike asiye kapepala kokha konena malo. Cithunzi ca m'foni cithandiza kutsimikiza kuti kalata analipo, koma bwalo lifuna weniweni; ndiponso foni yokhomedwa ndi nambala yodziwa mwini yekha iri ngati phanga la ku Qumran. Pamodzi ndi kopelo pakhale mndandanda wa zinthu: makalata a nyumba, buku la ku banki, nambala ya penshoni, kalata wa ukwati, ng'ombe zoikizidwa m'makola a anthu ena, ndi ngongole zomwe, za iye kwa anthu ndi za anthu kwa iye. Mkristu sabisa ngongole zace, kuti wamasiye angadzidzimuke nazo pa khomo. Za minda ya m'dziko la mfumu, mwini anene cifuniro cace kwa nyakwawa akali moyo, pamaso pa abale.

Munthu akalemba kalata watsopano, atenge wakaleyo ndi makope ace onse, nawaononge, nauze osunga aja. Pakuti makalata awiri osiyana mau, opezeka m'malo awiri, abala mlandu woposa wa kusowa kalata.

V. BARUKI NDANI?

Yeremiya sanapatse makalata kwa Hanameli, amene anali ndi gawo m'nkhaniyo, koma kwa mlembi wace wokhulupirika, amene anabvutika naye pamodzi zaka zambiri. Momwemo munthu yense asankhe Baruki wace: munthu wa mbiri yabwino, wosaledzera, wosunga cinsinsi, wosaopa nkhope za abale, ndipo ngati nkotheka wocepa zaka kwa mwiniyo. Amene achulidwa m'kalata kuti adzagawe cuma auzidwe, nabvomere. Si bwino kusenzetsa munthu katundu wotere iye osadziwa. Ndipo asadziwe mmodzi yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndi Barukiyo akhoza kutsogola kumanda. Adziwe awiri kapena atatu: wa ku cimuna, wa ku cikazi, ndi mkuru wa mpingo.

Pamwamba pa onse adziwe mkazi wa mwini, kapena mwamuna wace, popeza akazi nawonso ali ndi cuma cao ndipo ayenera kulemba. Nkodabwitsa kuti mwamuna akhulupirira mkazi pa cakudya cimene adya tsiku ndi tsiku, koma samkhulupirira pa malo a pepala limodzi. Amene Mulungu anawayesa thupi limodzi asabisirane cinthu cimene cidzaweruza ngati wotsalayo adzagona m'nyumba kapena pabwalo.

Kwa Baruki nayenso kuli mau. Wosungitsidwa kalata asazengereze. Akamva za imfa, adze msanga, nanene pamaso pa mbali zonse ziwiri ndi pa nyakwawa kuti kalata alipo, cuma cisanayambe kugwidwa. Asatsegule yekha m'nyumba, koma poyera. Wobisa kalata wa womwalira, kapena kumtentha, wabera amasiye, wacitanso umboni wonama pa munthu amene sangathe kudziyankhira. Ndipo angakhale apulumuke ku bwalo la ku Chipata, Mulungu adzichula yekha atate wa ana amasiye ndi woweruza mlandu wa akazi amasiye.

VI. CIPANGANO COSABISIKA

Wina angafunse ngati nkhani ya mabokosi ndi marisiti iyenera kulalikidwa pa guwa. Mtumwi Paulo analembera Timoteo kuti wosasamalira a pa banja pace wakana cikhulupiriro. Ndi Yakobo ayesa kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye kukhala mapembedzedwe oona. Cikondi cimene cilekeza pa tsiku la maliro ncacifupi. Yeremiya anasunga makalata aja cifukwa anakhulupirira lonjezo la Mulungu lakuti nyumba ndi minda zidzagulidwanso m'dzikomo. Mbiya yace inali ulaliki wa ciyembekezo. Momwemo wosunga bwino kalata wace anena kuti Mulungu adzasunga ana ace, ndi kuti iye mwini safuna kuwaikira cokhumudwitsa panjira.

Kalata wa kwa Ahebri afanizira cipulumutso ndi kalata wa masiye, amene agwira mphamvu mwini atafa. Ambuye Yesu, podziwa kuti nthawi yace yafika, sanabise cifuniro cace. Usiku uja anacinena pa gome pamaso pa ophunzira ace, natsimikiza cipangano catsopano ndi mwazi wace. Ali pa mtanda anakumbukira amace, nawapereka m'manja mwa wophunzira amene anamkonda, pamaso pa anthu. Atauka kwa akufa anaika mboni, nazituma zilalikire colowaco kwa mitundu yonse. Ndipo ndi njira imeneyo mbiri yace inafika ku Magwero m'caka ca 1899, ndi pambuyo pace ku Chasefu ndi ku midzi ya kwa Mphamba. Cipanganoco cikadakwiriridwa m'phanga, palibe mmodzi wa olowa akadalandira kanthu.

Cotero poyamba caka cino munthu yense adziyese pa zinthu ziwiri. Coyamba, ngati dzina lace liri m'cipangano ca Kristu, pakuti wosiya ng'ombe zogawidwa bwino, mwini wace natayika, sanapindule kanthu. Caciwiri, ngati iye akaitanidwa usiku uno, mkazi wace adziwa khomo limene adzagogodapo m'mawa. Amene sangayankhe funso laciwirili asadikire kukolola. Aitane Baruki wace sabata lomwe lino.

Mulungu wa mtendere apatse anthu ace nzeru ya kukonza nyumba zao kukali kowala, kuti amasiye atonthozedwe, abale akhale m'ciyanjano, ndi dzina la Ambuye lisacitidwe mwano pa maliro a Akristu. Amen.